Kazitape mu Foni ya Mama Neema

Lolemba

Mama Neema afika ku kibanda changa chokonzera mafoni m'mawa, foni yawo ikutentha ngati mbatata yootcha. Akuti batire ikumatha asanafike ndi kugombe komwe. Ndafufuza. Batire ilibe mlandu. M'katimo mwabisala pulogalamu imene ikutumiza kunja uthenga uliwonse, malo amene mwini foni ali, ndi mawu onse akamaimba. Kazitape weniweni, wopangidwa ndi kampani, wolipiridwa mwezi ndi mwezi ngati nyumba ya lendi.

Tsopano ndamvetsa. Gulu lathu la amayi ogulitsa usipa kuno ku Mbamba Bay limapangana mtengo pa foni, koma tajiri wa ku Songea, mpondamatiki amene amatigula usipa, amafika ndi lole yake akudziwa kale pamene tingagonjere. Tinkati ndi mankhwala. A Nabanda, wapampando wathu, anachita kuwaza madzi odalitsidwa pa mathandala onse oyanikira.

Ine ndine mlembi wa gululi, ndiponso ndinaphunzirako makompyuta ku Mzuzu ndisanawoloke nyanja. Nthawi yanga yakwana. Pulani ya sabata ino:
1. Kuchotsa kazitape.
2. Kusamutsira amayi onse pa pulogalamu ya mauthenga yotseguka, yaulere, imene aliyense wodziwa angathe kuona mmene anailembera.
3. Kudzichepetsa anthu akayamba kunditama.

Mfundo yoyamba yaima kale. Mama Neema akuti, “Usachotse kaye, fundi. Ndikafunse kunyumba.” Kufunsa chilolezo chochotsera nkhupakupa.

Lachiwiri

Msonkhano wa gulu pansi pa mtengo wa mango. Ndakonzeka usiku ndi usana, ndabwera ndi fanizo loti ngakhale mbuzi imve. Pulogalamu ya kampani ili ngati thumba la usipa losoka kale: umagula osaona ngati pansi aikapo mchenga. Yotseguka ili ngati usipa wa pa thandala, aliyense amautembenuza ndi chala.

Onse agwedeza mitu. Ndinayesa amva. Zimene ayankha:
A Nabanda: “Yotseguka? Ndiye kuti zimene ndimalembera alamu anga aziziona aliyense?”
Mayi wa ku Lipingo: “Chaulere ine ndimachiopa. Nyambo ya pa mbedza nayo nsomba siilipira.”
Wina kumbuyo: “Mwini wake ndani? Ikatilakwira tikakalipira yani?”

Ndafotokoza kuti chotseguka ndi kapangidwe kake, mauthengawo ndi okhoma. Ndafotokozanso kuti chimene chatigulitsa ndi cholipira. Funso lachitatu ndalidumpha, chifukwa kunena kuti eni ake ndi anthu ongodzipereka obalalika m'maiko ambiri kukanamveka ngati ndikunena mizimu.

Avomera anayi mwa khumi ndi awiri. Mmodzi wavomera chifukwa amaganiza kuti ndimuikiranso bando, mayunitsi a intaneti.

Lachitatu

Ndatumiza uthenga woyamba pa pulogalamu yatsopano: “Takulandirani ku ufulu.” Ndadikira. Yankho labwera pa gulu lakale lomwe lija: “Fundi, uthenga wako tauona kuja.”

A Nabanda akudandaula kuti yatsopanoyi ilibe zithunzi za maluwa onyezimira zofunsira kuti mwadzuka bwanji. Akuti moni wouma ndi mwano. Wina waichotsa kale kuti apeze malo a kanema wa kwaya.

Masana ndakwera bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, mpaka ku Liuli kukaikira amayi awiri amene sanabwere dzulo. Fumbi mpaka m'makutu. Woyamba foni yake inagwera m'nyanja mwezi watha, palibe anandiuza. Wachiwiri wandimvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, wandipatsa chinangwa chophika, kenako nkundifunsa ngati pulogalamuyi ili yovomerezeka ndi mpingo.

Pobwerera tayala laphwa. Ndayenda pansi kumbuyo kwa njinga, ndikuganizira anthu a kutali amene analemba pulogalamuyi kwaulere. Kaya iwo anakankhapo njinga chifukwa cha ufulu.

Lachinayi

Kazitape wabweretsa yekha bwana wake. Bambo Haule, mwamuna wa Mama Neema, aima pa zenera la kibanda atapisa manja m'thumba.

“Fundi, ndamva ukufuna kuononga katundu wanga. Chija ndimalipira.”

Akuti anakachiikitsa kwa fundi wina ku Mbinga, pofuna kudziwa mwamuna amene amaseketsa mkazi wawo pa foni. Miyezi yonseyi mwamunayo sanapezeke. Chimene akhala akuwerenga ndi mitengo ya usipa, odwala a m'gulu, ndi maluwa a a Nabanda. Poti chinthu cholipira sichitayidwa, amakawerengera anzawo mokweza pamowa masana. Ndipo dalaivala wa tajiri uja, munthu wa mtima wabwino, sawalola kuti amve ludzu.

Ndawauza kuti akutisaukitsa tonse, kuphatikizapo khomo lawo lomwe. Ndawauzanso kuti kampaniyo ikusunga mawu onse a akazi awo kumene iwo sakudziwako, ndipo palibe angaone zimene ikuchita nawo.

“Ndi kampani yeniyeni ija,” atero. “Imatumiza risiti. Yakoyo ili ndi risiti?”

Ilibe. Ndagonja kwa kapepala.

Pochoka andifunsa ngati ndingawakonzere sipika ya foni yawo, akuti mawu a akazi awo akumamveka motsika.

Lachisanu

Nkhani yafalikira msika wonse. Ndafika ndapeza mzere pa kibanda, woyamba chitsegulire. Ndinati anthu agalamuka. Ofuna kuchotsa kazitape palibe. Ofuna kumuika:
amuna atatu, aliyense atanyamula foni ya mkazi wake “yofunika kukonza”;
mayi mmodzi, foni ya mwamuna wake ili m'chitenje;
mwini maboti, akufuna kudziwa kumene anyamata ake amagulitsira nsomba asanakocheze;
mkulu wa kwaya, akuti alipo amene akumujeda.

Ndakana onse. Mmodzi wafunsa ngati palibe kazitape wotseguka, waulere, poti ine ndiye katswiri wa zaulere. Ndamva kuti apangana galimoto imodzi yopita ku Mbinga mawa. Fundi wa ku Mbinga ayenera kunditumizira nkhuku.

Kugombe amayi akuseka Mama Neema. “Iwe ndiye umakondedwa. Wako amakulipirira mwezi ndi mwezi, wanga nambala yanga saidziwa nkomwe.” Mama Neema aseka nawo kuposa onse, akutembenuza usipa umene anali atautembenuza kale. Sanandiyang'ane.

Loweruka

Tsiku la tajiri. M'mawa ndachonderera kuti mtengo tipangane pa pulogalamu yatsopano. Atsala nayo awiri, ine ndi wa bando uja. A Nabanda agamula mwanzeru kuti tipangane pakamwa, mafoni titawasiya mu beseni patali. Tatero. Tanong'onezana ngati mfiti. Kwa nthawi yoyamba sabata ino ndinaona kuti tapambana.

Kenako a Nabanda akumbuka kuti amayi a ku Lipingo sanafike. Pofuna chilungamo, alemba mtengowo pa gulu lakale, ndi maluwa awiri pansi pake.

Tajiri wafika dzuwa lili paliwombo, watsika, wanunkhiza usipa, watchula mtengo wathu wogonjera osaphonya. Ngakhale kunamizira kuganiza kaye sanavutike nako. Mitambo inali itayamba kuda cha ku mapiri ndipo usipa sudikira mfundo. Tagulitsa.

Lole itachoka, msonkhano wadzidzidzi. Ndinati tsopano amvera mlembi wawo. Chigamulo chatuluka: pulogalamu yakale ikhale, maluwa akhale, Mama Neema achotsedwe pa gulu mpaka “akonze za kunyumba kwawo.” Ndatsutsa ndekha. Andikumbutsa kuti ine ndine wobwera, za mabanja a kuno sindizidziwa. Ndipo poti mlembi ndine, chala chomuchotsa chinali changa.

Bambo Haule adutsa pa msewu atavala malaya atsopano. Palibe wawachotsa paliponse.

Lamlungu

Sindinatsegule kibanda. Titaweruka ku tchalitchi ndakhala kuseri kwa nyumba ndikusenda chinangwa. Mama Neema atulukira cha kudimba, osati kumsewu. Foni aisiya kunyumba pa tebulo, kuti izinena kuti ali pakhomo.

Akhala pa mtondo, akana madzi. Akuti anadziwa kale, mwezi woyamba womwe, pamene bambo anayamba kubwereza mawu amene iwo anauza mng'ono wawo wa ku Kihagara yekha. Kuyambira pamenepo sanalankhulepo choona pa foni. Mng'ono wawoyo ali ndi pakati povuta, amaimba akulira, iwo amangoyankha kuti sawa, sawa, Mulungu alipo. Anabweretsa foni kwa ine akuyembekeza kuti ndinena kuti yafa.

“Ukachotsa adziwa tsiku lomwelo,” atero. “Zotseguka zakozo ndazimva, ndi zabwino. Koma ine ndimagona m'nyumba imene ija.”

Ndalowa m'nyumba, ndafufuza m'katoni ya mafoni amene eni ake anawataya. Ndapeza kitochi, kafoni ka mabatani kopanda intaneti, galasi long'aluka, batire yomangidwa ndi mphira. Ndaikamo laini yanga yakale. Akuti azikabisa m'thumba la makala, bambo kukhitchini salowako.

Ayesera pomwepo. Aimbira ku Kihagara, atembenukira kukhoma, alankhula chilankhulo chawo cha kuno nthawi yaitali, mwina kulira mwina kuseka, sindinamve zonse. Ine ndapitiriza kusenda chinangwa choti sitingachimalize anthu awiri.

Ndiye zotsatira za sabata ndi izi. Kazitape ali moyo, ndipo akuti abale ake asanu ndi mmodzi akubwera kuchokera ku Mbinga. Tajiri wanenepa. Ine, wamaphunziro a makompyuta, ndamasula munthu mmodzi, ndipo ndamumasula pomubwezera ku foni ya mabatani.

Mawa nditsegula mochedwa. Pali sipika ya bambo Haule yoti ndikonze, ndipo ndikuona kuti zipangizo zake zisowa kwa nthawi yaitali.