Ntchito ya Ulonda Ndinaipereka Ndekha kwa Che Amidu

Mukadzadutsa pageti la nyumba ina yosungiramo thonje ku Balaka, mlonda amene mudzamupeze si ine. Ndikanakhala ine, koma pakamwa pangapa.

Chimanga chitapserera kwathu ku Utale, ndinamva kuti kunyumba ya thonjeyo akufuna mlonda wodziwa kulemba dzina lake. Ine langa ndimalemba (ndinaphunzira kusukulu ya kwacha imvi zitamera kale, ndiye limachedwa, koma limatuluka). Mwana wanga wamkazi ndiye anandikonzekeretsa. Anati pa intavyu munthu amadzitama, osati zathu zija zodzichepetsa. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva.

Ndinafika ndi jekete yobwereka, thukuta lili kamukamu. Pabenchi ndinakhala ndi Che Amidu a ku Nselema, nawonso ofuna ntchito yomweyo. Anandigawira chinangwa chophika, tinacheza ngati pachibale.

Nditalowa ndinapeza mayi wachitsikana kuseri kwa tebulo. Anandilozera mpando, ine ndinayamba ndanyonyomala n'kumafunsa za kunyumba, za ana, za mvula ya kwawo. Atandifunsa zofooka zanga, ndinayankha ngati ndikulapa kwa ansembe: bondo, diso lamanzere, ndi katulo kamene kamandigwira ndikakhuta. Analemba zonse.

Kenaka anati, "Nanga tisankhirenji inuyo, agogo?"

Malangizo a mwana wanga ndinawakumbuka, koma lilime linakana. Munthu wamkulu kudziyamikira ndekha pamaso pa mwana? Chinangwa cha eni chili m'mimba?

"Iyayi mayi, ine ndine ndani? Panjapo pali Che Amidu, munthu wamphamvu, samwa, ndipo mbandakucha amakhala atadzuka kale kukaswali kumzikiti."

Kwathu ukatero, mnzako amakutsutsa, amati ayi, inunso ndinu woyenera. Ndinadikira. Mayi aja anangothokoza n'kundipempha kuti potuluka ndiwaitanire Che Amiduwo.

Ndinawaitana. Ndinawasungiranso chipewa polowa.

Kunyumba mwana wanga atafunsa, ndinati ntchito yapita kwa munthu woyenera. Anafuna kudziwa amene wanena kuti munthuyo ndi woyenera. Ndinatuluka kukaona mbuzi.

Ati ku Liwonde akufunanso mlonda. Masiku ano ndikuyeserera kudzitama ndili ndekha kumunda, koma ndikangoti "ine ndine munthu wa", ndimacheuka kaye kuona ngati wina akumva.