Utitiri wa Sikono

Sendezani mipando, sendezani ndithu, poti mwandiona ndikukanda mwendo! Koma amene akuti Maseko ndi wabodza aimirire pompano mu holo ya tchalitchi, tiyi wake ndimugwirira ine. Palibe? Ndiye khalani chete mumve nkhondo imene ndinamenya ndekha kunyumba kwanga ku Braunstone, kuno ku Mangalande.

Mukudziwa kuti mayi akunyumba, Nachisale, atatisiya, munasonkha ndinu kuti thupi likagone ku Ntcheu, ine n'kutsala kuno chifukwa cha mapepala. Manda awo sindinawaone. Chimene anandisiyira ndi mphaka wawo wofiirira, Sikono, amene ankagona kumapazi kwawo nthawi yonse ya matenda.

Ndiye kuzizira kutafika, hita itayaka, utitiri unaswana mu kapeti, ndipo musaganize za kautitiri ka m'khola la nkhuku kwathu kaja ayi, uwu unali wa ku Mangalande, wonenepa ngati mbuzi za pa Khirisimasi, woti ukamatsika masitepe aneba ankamenya khoma kuti tichepetse phokoso, ndipo umodzi unadumpha pawindo n'kukatera ku Nottingham, n'kubwerako pa basi utanyamula ufa wogula m'masitolo a ku Hyson Green komweko. Mukumva? Wina unavala jekete yanga n'kukagwira shifiti yanga ku weyahausi, bwana mpaka kuyamikira kuti Maseko lero wachangamuka. Magazi unandimwa onse, moti nesi atandibaya kuti andiyeze, m'jakisoni munangolowa mphepo. Ndikulumbira, pali Nachisale kumanda!

Landilodi, mwini nyumba, anabwera n'kuima pakhomo, kulowa osalowa. Akuti utitiri uchoke, apo ayi mphaka achoke, apo ayi ndichoke ine.

Ndinamutenga Sikono kupita naye kwa veti, dokotala wa ziweto. Mtsikana wa pakauntala anamwetulira bwinobwino n'kuyamba kutchula: kumuona kokha mtengo wake, mankhwala odontheza pakhosi mwezi ndi mwezi mtengo wake, opopera m'nyumba mtengo wakenso, ndipo mtengowo utatuluka m'kamwa mwake mawindo anang'aluka, galu amene anali pamzere anakomoka, ine tsitsi linachita mbuu nthawi yomweyo, imvi mukuzionazi ndi za tsiku limenelo. Ndinabwerera wapansi, mvula ili wawawa.

Ndinalemba pa gulupu yathu ija ya maliro ya pafoni kuti abale, ndithandizeni. Mayi Nabanda, musayang'ane pansi, munayankha ndinu: “Tasonkhera maliro, tisonkherenso mphaka? Kwathu mphaka amapita kuchipatala?” Wina n'kuwonjezera kuti nkhalamba yogona ndi mphaka tiziyiyang'anitsitsa. Zinandipweteka, abale. Mpaka lero zimandipweteka.

Basi ndinati ndimenya ndekha mwachikwathu, ndi phulusa. Nanga phulusa ulipeza kuti m'dziko la gasi? Ndinatentha mpando, ndinatentha chitseko cha wadirobu, ndinatentha ndi bedi lomwe, n'kumupaka Sikono mpaka anayera ngati wa ku chinamwali, kenako ndinamanga chitenje cha Nachisale m'chiuno, chipeso chawo m'manja, n'kulowa pakati pa adaniwo, uyu khofi, uyu chibakera, uyu kumuponda, mpaka inatulukira mfumu yawo, yaikulu ngati thole, tinagwirana kuyambira kukhitchini mpaka kubafa, ndinaipana pakhosi n'kuimiza m'sinki ikupempha chikhululukiro m'Chingerezi. Mitembo ndinaisesa ndi fosholo, lole ya zinyalala inathyoka ekiselo pakhomo panga. Mukumva? Ndinapambana ine!

Mukuti bwanji, achimwene? Sikono ali kuti?

Tiyiyu wazizira.

Mazira a utitiri phulusa saliwopa. Unaswananso, Sikono anayamba zilonda, ubweya kuthothoka, kulira osalira. Ndinamuika m'katoni, ndinakwera naye basi kupita kwa anthu osunga ziweto zopanda mwini. Njira yonse ankandiyang'ana pakabowo. Ndipo mankhwala aja, amene anandikanika ine mwini wake, anamudonthezera tsiku lomwelo ine ndikuona, poti tsopano analibe mwini.

Koma musanene kuti utitiri unandigonjetsa. Wotsala mu kapetiwo ndimausiya dala. Ndikaweruka kuntchito palibe amene amandichingamira, koma ndikangokhala pansi umabwera kudzandiluma kumapazi, pomwe ankagona Sikono paja, ndiye ndimadziwa kuti m'nyumbamo muli chamoyo chimene chimandidikira.

Sendezani mipando, ine ndikukanda.