Chithunzi cha Amalume Zakariya

Pali nkhani imodzi imene ndikaikumbuka ndimafuna kulowa pansi pa tebulo, ngakhale ndili ndekha m'nyumba. Ana anga amadziwa kuti bambo wawo ndi wa mano pa Furancungo, koma momwe ndidalowera sukulu ya manoyo sadziwa. Lero ndiulula. Sekani mpaka nthiti ziwawe, bola musakauze odwala anga.

Idali nthawi ya nkhondo. Ndidali nditangomaliza nona kalasi, yachisanu ndi chinayi, ndili kwathu ku Ntengo-Wambalame, tindevu titatu pachibwano. Masiku amenewo mnyamata wa msinkhu wanga, wopanda sukulu, wopanda ntchito, ankadziwa komwe akupita: ku tropa, kukagwira mfuti. Galimoto inkafika, amakuyeza ndi maso, basi wakwera. Amayi akangomva kulira kwa injini ankanditumiza kumunda wa kachewere wa kuseri kwa phiri, ati ndikapalire, chonsecho tidali titakumba kale.

Ndiye kudamveka kuti ku Tsangano kukubwera mayi wina wochokera kusukulu ya zaumoyo ya mumzinda, kudzasankha achinyamata okaphunzira za mano. Malo adali awiri okha. Wosankhidwa, a tropa ankamusiya.

Ndidakalembetsa dzina tsiku lomwelo. Potuluka ndidakumana ndi Arimando, mnzanga wa m'kalasi, mwana wa enfermeru, namwino wa pachipatala. Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga za matayala, n'kundiuza mwachifundo kuti ndisadzivute. Ati malo oterewa amayendera magazi. Bambo ake adaphunzira pasukulu yomweyo, ndiye akangotchula dzina lawo, chitseko chitseguka chokha.

"Nanga iwe Bonifasiyo, utchula ndani? Khasu?"

Mawu amenewo adandibaya. Ndidayenda ulendo wonse wobwerera mtima uli phuu, mpaka nditafika pa mlatho wa mitengo, pomwe nzeru zidandibwerera. Amalume Zakariya! Ine kudandaula chonsecho mwini sukulu ali m'banja mwathu momwemo!

Amalume Zakariya, mlongo wawo wa amayi, ndiwo ankazula mano dera lathu lonse. Ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba yawo, atavala jasi loyera lomwe azakhali ankalichapa ndi phulusa. Chozulira ankachiphika mumphika ngati nyemba. Mutu wa wodwala ankaupana m'khwapa, n'kumamufunsa za ng'ombe zake, ndipo munthu asanamalize kutchula ya chiwiri, dzino lili m'mbale. Ine kuyambira ndili wamng'ono ndinkakonda kutola manowo n'kumawayang'ana mizu. Akamagwira ntchito ankakonda kunena kuti, "Kusukulu kwathu kuja tinkatere."

Komanso padali chithunzi. Chidapachikidwa m'chipinda chochezera, pamwamba pa wailesi yopanda mabatire. Pachithunzipo padali anthu ambiri ovala zoyera, ena azungu, ena amwenye, ena anthu akuda, onse ataimirira. Wokhala pansi adali mmodzi yekha: amalume, pampando waukulu wachikopa wokhala ndi potsamira mutu ndi poponda mapazi, nyali yaikulu ikuwaunikira.

Tsono inu mukudziwa mwambo wathu. Pagulu la anthu, mpando ukakhala umodzi, amakhalapo ndani? Wamkulu. Ana amaimirira. Ndiye ngati mpaka azungu adaimirira, amalume ali khale, ine ndidawerengera kuti munthuyu sadali wophunzira wamba ayi. Adali mkulu wa sukulu yonse.

Nditawauza kuti andiperekeze ku Tsangano akandilankhulire, amalume adatsamwa ndi thobwa. Adati mwendo ukuwawa. Adati msewu suli bwino masiku ano. Adati njinga ilibe chubu, tayala adalipakira udzu. Ine ndidati kudzichepetsa kwa anthu ophunzira kumeneko. Ndidakawanenera kwa amayi, ndipo amayi adabwera chitenje chili m'chiuno. Adawakumbutsa kuti mwini mbumba ndi iwo, ndipo mwana wa mlongo wawo akakwera galimoto ya tropa, mlandu udzakhala pakhomo pawo. Amalume adagonja.

"Chabwino, mphwanga, tipita. Koma chithunzicho chisiye."

Ndidavomera ndi pakamwa. Chithunzi ndidachilowetsa m'malaya.

Tidafika ku Tsangano dzuwa litakwera, titakankha njinga theka la ulendo. Pakhonde la chipatala padali anyamata ndi atsikana ambiri, aliyense atagwira mapepala ake, ena akuloweza za m'mabuku milomo ikugwedera. Ine buku sindidalitsegule sabata yonseyo. Ndilitsegulirenji? Ndidatulutsa chithunzi n'kuyamba kuchiyendetsa pamzere.

Poyamba ndidati amalume adaphunzira kumeneko. Nditaona kuti anthu atukula maso, ndidati adaphunzitsako. Chithunzi chisanafike kumapeto kwa mzere, amalume adali atakhala diretori, mkulu wa sukulu yonse, ndipo mzungu wa magalasi wa kumanzere kwawo adali wowanyamulira chikwama. Arimando adachiyang'ana, nkhope idagwa. Mtsikana wina adanyamuka pabenchi n'kuwagwadira amalume kuti akhale. Iwo adakhala, chipewa atachitsitsa mpaka pamphuno, thukuta lili kamukamu, pomwe ku Tsangano kumazizira mpaka mbuzi kutsokomola.

Dzina langa litaitanidwa, ndidawakoka dzanja kulowa nawo.

Mkatimo mudali mayi wamfupi, wa magalasi, dzina lake Dona Felisimina. Adali wa kwathu konkuno, Chichewa chake chosapsatira. Asanandifunse kanthu, ine ndidayamba. Ndidati kamarada dotora, ndisanataye nthawi yanu, dziwani kuti banja lathu ndi sukulu yanu ndi chinthu chimodzi. Ndidaika chithunzi patebulo, chala changa pa amalume, n'kunena kuti munthu wamkulu ameneyu ndi uyu ali apayu, ndipo ine ndine mwana wa mlongo wake weniweni, bere limodzi.

Mayiyo adayang'ana chithunzi. Adayang'ana amalume. Adavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso.

"A Zakariya? Ndinu?"

Adazungulira tebulo n'kuwagwira manja onse awiri, misozi ili m'maso. Ine chifuwa chidatupa ngati cha tambala. Ndidasuzumira pazenera kuti ndione ngati Arimando akuona. Ankaona, pamodzi ndi mzere wonse, mitu itadzaza zenera.

Kenako Dona Felisimina adanena mawu amodzi okha, mwachizolowezi, ngati akupereka moni:

"Yasamulani."

Ndipo amalume anga, mwini mbumba, wozula mano wa dera lonse, adatsamira kumbuyo, n'kukweza chibwano, n'kuyasamula. Koma kuyasamula kwake! Bwinobwino, lilime pansi, maso kudenga, manja pamimba. Mayi uja adalowetsa zala ziwiri, n'kutulutsa mano onse a m'mwamba ali pamodzi, gwa, ngati akuchotsa chivundikiro pa mphika.

Ine ndidakuwa. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti mano a amalume ndi oikirira.

Adawatembenuza manowo pa kuwala, akumwetulira ngati waona mwana wake woyamba. Adati amenewa adapanga ndi iye, pa mayeso ake omaliza, ndipo taonani mpaka lero sadasweke. Kenako adatenga chithunzi n'kundilozera kamtsikana koonda kumapeto kwa mzere wa oimirira. Adali iyeyo. Ena onsewo adali anzake a m'kalasi ndi aphunzitsi awo.

"Nanga amalume?" ndidafunsa.

Adandifotokozera mokoma mtima, zomwe zidapweteka kuposa kundiseka. Amalume ankasesa pasukulupo. Odwala ankaopa ophunzira, sankabwera, ndiye a Zakariya ankadzipereka kukhala pampando kuti ana aphunzirirepo kubaya jekeseni, kuboola ndi kuzula. Kalasi yake yonse idaphunzira m'kamwa mwawo. Mpando wachikopa uja, wa nyali uja, ndi mpando wa wodwala.

Pazenera padaphulika chiseko. Ndidamva mawu a Arimando akuti, "Diretori!" Ndidalakalaka galimoto ya tropa itabwera nthawi yomweyo, ndikadakwera ndekha osandikankha.

Dona Felisimina adatseka zenera n'kukhala pansi. Adati tsopano timve za iwe mwini, poti za achibale tamva. Pano satenga munthu chifukwa cha bambo ake kapena amalume ake, amatenga mutu ndi manja. Funso loyamba: munthu wamkulu ali ndi mano angati?

Abale anga, funso la mwana wa kalasi yachitatu. Koma m'mutu mwanga mudali mbee. Ndidatseka pakamwa n'kuyamba kuwerenga ndi lilime. Mayi uja akundiyang'ana, tsaya langa likutupa uku, likutupa uko. Nditasokoneza, ndidalowetsa chala.

"Vinte e oito," ndidatero m'Chipwitikizi, kutanthauza 28, chala chili chonyowa.

Kumbuyo kwanga kudamveka kunong'ona kwa munthu wopanda mano a m'mwamba, mpweya ukuthawira m'mbali, akundiuza kuti ndi 32: "Tlinta e doifi, mphwanga. Ako enawo fadamele."

Dona Felisimina adaphimba nkhope ndi mapepala anga, mapewa akugwedezeka. Ine ndidadziwa kuti zatha. Ndidayamba kuganiza zoti ndikawauza chiyani amayi.

Apo ndi pomwe amalume adaimirira. Adapempha mano awo, adawabwezera m'kamwa kuti mawu amveke bwino, n'kuvula chipewa. Adati iwo sadaphunzire, n'zoona, ndipo mwanayu wanama chifukwa iwo adamulekerera kuti aziganiza choncho, manyazi adawagwira. Koma mwanayu ali ndi manja. Ndipo adawonjeza:

"Dona, ine sukulu yanu ndidaipatsa kamwa langa lonse, sindidapemphe kanthu. Lero ndikupempha chimodzi. Muyeseni manja musanamubweze. Mlongo wanga ali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha."

Kunena zoona, pamenepo manyazi anga adasanduka china. Ndidawakonda amalume tsiku limenelo kuposa nthawi yonse imene ndinkawayesa diretori.

Mayi uja adati manja ayesa aliyense, wa amalume ndi wopanda amalume yemwe. Kusukulu amasemetsa dzino pa sopo, koma sopo nthawi imeneyo adali nkhani ya m'maloto, ndiye adatuma munthu kumsika kukatenga kachewere. Tonse tidakhala pakhonde, aliyense mbatata imodzi ndi kampeni, kuti tiseme dzino la kumapeto, lotafunira.

Kachewere ndi ine tidakulira limodzi. Mano a m'mbale ya amalume ndidawasewera kuyambira ndisanayambe sukulu. Ndidasema dzino la m'mwamba, mizu itatu, umodzi wopindika pang'ono monga amakhalira a anthu ovuta kuzula. Arimando adasema chinthu chofanana ndi chitsa. Mayi uja adatenga langa, adalizunguza, adangoliika m'thumba la jasi lake.

Pobwerera tidayenda mtunda wautali, njinga ili pakati pathu. Kenako amalume adati zonse amadziwa adaziphunzira ali chagada, akuona zida zikubwera kuchokera kumwamba, ndipo n'chifukwa chake dzanja lawo ndi lopepuka: ululu wa dzino lililonse amaudziwa ndi dzina. Adandipempha kuti azakhali asamve. Ndidalonjeza, ndipo ndidasunga mpaka onse awiri adatisiya.

Patatha masabata atatu mayina adatuluka. Langa lidalipo, pamodzi ndi la mtsikana uja adapereka benchi. La Arimando padalibe, ngakhale bambo ake adapita kukadziwonetsa atavala tayi. Iye adakalowa kosi ya uphunzitsi, ndipo mpaka lero tikakumana amandipatsa moni kuti "mphwa wa diretori". Amayi adalulutira mpaka mawu adasasa.

Ndidapita mumzinda pa mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, mtima uli m'malo, ndikuti manyazi ndawasiya ku Tsangano.

Mwezi wachiwiri lidafika tsiku lophunzira kubaya jekeseni ya dzanzi m'nkhama. Mphunzitsi wake, Dona Felisimina. Misewu idali yotsekeka, odwala osabwera, benchi ya panja ili mbee. Mayi uja adatiyang'ana tonse pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati m'kalasimo muli wina amene kwawo ntchito ya pasukulu pano adaiyamba kale.

Mukuganiza kuti ndidaphunzirapo kanthu ku Tsangano? Dzanja langa lidakwera lokha, msanga, kuopa kuti wina angandipitirire!

"Bwera kutsogolo, Bonifasiyo. Khala apa."

Udali mpando wa pachithunzi uja. Chikopa chake chidali chitang'ambika pang'ono, koma nyali idali yomweyo. Nditatembenuza maso ndidaona anzanga onse a m'kalasi atandandalika pamzere, aliyense jekeseni m'manja, manja akunjenjemera ngati a munthu wa malungo. Ndidafuna kudandaula, koma mayi uja adangoti, "Yasamula." Ndidatsamira, chibwano m'mwamba, lilime pansi.

Adaitana kalasi yonse kuti iyandikire, n'kundiloza ndi kunyada kwenikweni.

"Mwaona kayasamulidwe kameneka? Izi sitiphunzitsa pano. N'zakumtundu."

Tsiku limenelo ndidamwa tiyi akutsikira m'malaya, ndipo ntchito imeneyo idakhala yanga mpaka ndidamaliza kosi.

Ndiye achinyamata akamandifunsa ngati chibale chimathandiza kusukulu ya mano, ndimati ee, chimathandiza ndithu, koma usanatchule m'bale wako, yamba wamuyang'ana m'kamwa.