Opaleshoni ya Mizu ya Soya

Inu, sunthani pang'ono ndikhale, basi iyi sibwera msanga. Mwawamva amayi aja akundipatsa moni kuti "Adokotala"? Musanyengedwe. Ine m'chipatala ndinkakolopa, zaka makumi awiri. Koma munthu ukamva madokotala akuyankhula nthawi yonseyo, mutu umakula ndithu.

Nditapuma ntchito, apongozi anga aakazi anatiitana, ine ndi alamu anga, mchimwene wa mayi a kunyumba.

"Ine msana watha," anatero apongozi. "Munda uja ndaugawa pakati. Nonse mudzale soya. Amene akolole bwino, chaka chamawa munda wonse ndi wake."

Ndinaseka chamumtima. Alamu angawo, inu, ndi munthu woti khasu likagwa amadikira wina alitole. Ndinati munda uwu ndatenga kale.

Podzala, mkazi wanga anasakaniza mbewu yathu tonse ndi kaufa kakuda kochokera kwa alangizi a zaulimi. Nditafunsa, anangoti, "Ndi kothandiza mbewu, bambo." Amandidziwa mayi ameneyu, sanafune kutchula zambiri.

Soya anamera wobiriwira mochititsa kaso. Ndiye tsiku lina ndikupalira, ndinazula mbewu imodzi mwangozi. Mayo ine! Mizu yonse tinthu totupa ngati njerewere, mbwee!

Ndinathamangira kunyumba mbewu ili m'manja.

"Mayi, munda wadwala! Kaufa kaja kanali ndi chiyani?"

"Alangizi anati muli mabakiteriya, koma..."

"Mabakiteriya! Ine zaka zonsezi kulimbana nawo ndi mopu, inu n'kukawadzala m'munda mwanga?"

"Bambo, tafunsani kaye alangizi."

"Ndifunse ndani? Alangizi anayamba alowamo m'chipinda cha opaleshoni?"

Ine ndinalowamo, ngakhale kuti ndinkalowa anthu onse atatuluka.

M'mawa mwake ndinavala magolovesi, kutenga chowengera zikhadabo ndi ndowa ya madzi a kulorini. Phando lililonse ndinkafukula dothi, kudula tinjerewere tija, kuthira kulorini, n'kukwirira. Masiku asanu ndi limodzi ndili chogwada, inu! Mawondo anatupa, msana unkalira ngati chitseko chakale. Alamu ali gone pansi pa mtengo, chipewa kumaso.

"Alamu, odwala ali bwanji lero?"

"Sekani," ndinatero. "Anuwo mliri uwatha."

Ndipo tamverani uchitsiru wanga: sindinawauze za mankhwala anga, kuopa kuti angandibere nzeru.

Patapita masabata awiri, soya wanga anasanduka wachikasu, masamba lendee. Wa alamu ali bii, mpaka m'mawondo. Ndinati matenda akula, ndinawonjezera kulorini.

Apongozi ataona, anaitana alangizi. Anabwera mayi wamfupi wa magambuti, nazula mbewu imodzi kwa alamu, n'kung'amba kanjerewere kamodzi ndi chikhadabo.

"Mwaona kufiira m'katimu? Ndiye kuti ali moyo, ntchito ili m'kati. Mabakiteriya amenewa amamanga tinyumba pa mizu. Amatenga nayitirojeni mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu, chomwe chija mumafuna mu feteleza. Mbewu nayo imawapatsa kashuga. Amadyetsana."

Kenako anazula yanga, kuiyang'ana, kuinunkhiza.

"Koma kuno kwachitika chiyani? Mizu ikununkha ngati bafa."

Mkazi wanga maso kumwamba, ngati akuwerenga mbalame.

"Ndinawachita ka opaleshoni," ndinatero chapansipansi.

"Onse?"

"Phando lililonse, mayi. Sindinasiye ndi limodzi lomwe."

Alangizi anatembenuka, mapewa akugwedezeka. Alamu ndiye anachita kukhala pansi, misozi mbwembwembwe. Ine manyazi anandigwira mpaka ndinalakalaka ndikanalowa m'phando limodzi n'kudzikwirira.

Apongozi okha sanaseke. Anafunsa alangizi kuti, "Mwati tizilomboti timagwira ntchito osatumidwa?"

"Eya, amayi."

"Sitidzitama?"

"Sitiyankhula n'komwe."

"Kukanakhala kotheka, munda ndikanapatsa itoto." Apa anapumira m'mwamba n'kuloza alamu. "Basi tenga iwe. Ndiwe waulesi, mwana wanga, aliyense akudziwa. Koma ukapeza ena akugwira ntchito, suwasokoneza."

Sanadikire n'kukolola komwe. Munda unapita choncho, ine nditaima ndi magolovesi anga.

Pobwerera ndinati ndidzitonthoze. "Komabe mayi, khama lokha ndinalionetsa."

"Munalionetsa, bambo," anatero mkazi wanga. "Mukanadwala malungo sabata imene ija, bwenzi lero tili ndi munda."