Tsiku Lomwe Ndinakhalira Singano Zanga

Nkhaniyi ndikulemba nditaimirira, ndipo chifukwa chake muchimva posachedwa.

Ndine telala kwa Mponda, ndipo ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, dzina lake Halima. Mwanayu sakhazikika. Ukamutuma mchere amabwera bondo likuchucha magazi, mcherewo ataiwala. Anagwapo mumtengo wa mango, anapsapo ndi simbi yanga ya makala, tsiku lina anathamangira pamsewu n'kuwombana ndi wakabaza. Ine mankhwala anga anali amodzi, mkwapulo. Ndinkati ndi kusamva basi.

Atamusoka pachipumi kachiwiri, adokotala anatifunsa mafunso ambirimbiri, kenako anati mwanayu ali ndi vuto lotchedwa ADHD. "Amachita zinthu asanaganize, n'chifukwa chake ana otere amavulala kawirikawiri. Kumenya sikuthandiza, bambo. Kachotseni zinthu zoopsa pomwe amasewera."

Ndinafika kunyumba ndi mangolomera. "Lero nyumba ino ndiikonza ndekha," ndinauza mayi ake a Halima. Iwo anangoti, "Insha Allah" (mawu abwino otanthauza kuti Mulungu akalola, koma momwe anawatchulira sindinakonde).

Ndinayamba ndi kutola singano pakhonde pomwe ndimasokera. Zili m'manja, ndinaona msomali wotuluka pachitseko. Singanozo ndinazisomeka kaye m'khushoni ya mpando wanga (matelala timasomeka pansalu iliyonse yomwe ili pafupi) n'kupita kukafuna hamala. Hamala sindinaipeze. Ndinapeza wailesi yomwe inafa kalekale, ndiye ndinati ndiione pang'ono. Ndisanaitsegule n'komwe, wanjinga anakuwa pamsewu, "Utaka! Utaka wa lero!" Ndinathamangira komweko. Pobwerera, nsomba m'manja, thukuta lili kamukamu, ndinadziponya pampando paja.

Kukuwa kwanga kunamveka mpaka kumzikiti. Singano imodzi inathyokera momwemo.

Kuchipatala ndinapeza adokotala omwe aja. Ndinagona chafufumimba, thalauza ili m'maondo, iwo akufufuza singanoyo m'thako ndi kachitsulo kopanira.

"Bambo, inuyo kusukulu munkakhazikika?" anandifunsa.

Ndisanayankhe, mayi ake a Halima anayankhira pakhomo. "Mpaka lero, adokotala. Diresi yanga ya Idi ya chaka chatha ikadali ndi mkono umodzi."

"Nthawi zambiri ana amatengera kwa makolo," anatero adokotalawo, akudziletsa kuseka. Sanakwanitse.

Kunyumba ndinagona pamkeka, msana kumwamba, anthu oyandikana nafe akubwera kudzazonda n'kumasekera kuseri kwa mpanda. Halima anakhala pambali panga, bandeji yake ili pachipumi, miyendo ikuvinavina monga mwa masiku onse. Ndinavulala mopusa kuposa iye, koma ine palibe anandifunira mkwapulo.

"Ababa, zikuwawa eti?" anandifunsa akundisisita mutu. "Pepani. Simunachite dala."

Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa a kuchipatala. Iye wavulala kosawerengeka, koma mawu amenewo ine ndinali ndisanamuuzepo ngakhale kamodzi.