Nyamakazi ya a Mabel

Ku Kawale konse kuno munthu amene ankapatsa mphaka ulemu wa apongozi anali mmodzi yekha: malemu bambo Wilkins Gwanda, telala wa pakhonde la golosale. Mphaka wawo anali a Mabel. Ukangoti "Mabel" osaikapo "a", bambo Gwanda ankaimitsa makina n'kukuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Awa ndi aakulu kuposa iwe. Pomwe unkayamwa n'kuti iwo ali kale pantchito."

Ntchito yake inali ya makoswe, koma a Mabel anali atapuma kalekale. Nyamakazi inawagwira miyendo yakumbuyo. Kudumpha kunatha, ndipo poyenda ankakoka chiuno ngati wilibala yakutha tayala. Makoswe ankadutsa pamphuno pawo n'kumapereka moni.

Ine ndinkakhala nawo mpanda umodzi, ndipo mbaula yanga ya mandasi ndiyo inkayamba kuyaka. Nyengo yozizira bambo Gwanda ankalawirira kwa ine ndi njerwa kuti ndiwatenthetsere, n'kukaikulunga m'nsanza pogona a Mabel. Anawakhomera timasitepe tokwerera pampando. Mbale ya usipa anaiika pachitini kuti asamawerame, ndipo madzulo ankawasisita msana uku akuwafotokozera nkhani za pawailesi. Mwezi ukatha ankawabereka m'chitenje pakabaza, ulendo wa kwa dokotala wa ziweto. Eni akewo mawondo ankalira ngati chitseko, koma za iwo ankati tiona mawa.

Tsiku lina alandilodi athu, mayi Ireen, anatopa nazo.

"Bwanji osangochipatsa panado chimphaka chanucho?"

"Panado amapha mphaka, mayi. Adokotala anatero."

"N'chifukwa chake ndikunena."

Tsoka linachokera ku Biwi, komwe bambo Gwanda ankapemphera ndipo a Mabel sankadziwika. Atsogoleri atafunsa ngati kumakomo kuli odwala, iwo anaimika mkono.

"Kwathu a Mabel sakudzuka. Nyamakazi. Usiku akumabuula."

Lachinayi lake kunatulukira chigulu cha amayi a yunifolomu, shuga ndi sopo kumanja, nyimbo kuyambira kumsewu. Ine ndinasiya mandasi akupsa n'kukaima pazenera.

"Odwala ali kuti, abambo?" anafunsa mayi Eva, apampando awo.

"Ndi awo pampandopo. Chonde musawadzidzimutse."

Nyimbo inathera pakhosi. A Mabel anatsegula diso limodzi, n'kulitsekanso.

"Mwatiyendetsa kuchoka ku Biwi kudzapempherera chinyama?"

"Kodi ululu umasankha, mayi?"

Mayi Eva anatola shuga wawo n'kutuluka, enawo pambuyo. Kawale anaseka mwezi wathunthu. Kuseka kutatha kunabwera manong'onong'o, akuti mphaka wokalamba chonchi osafa ndiye kuti amauluka naye usiku. Kuuluka, chinthu cholephera kukwera mpando. Koma pakamwa pa anthu sipafuna umboni, ndipo obweretsa nsalu anayamba kuchepa.

Chaka chatha mu Julayi njerwa sinabwere. Ndinakawapeza bambo Gwanda ali chigonere, chifuwa chikulira. Ndinatumiza uthenga ku Biwi kuti kwa a Gwanda kuli matenda. Yankho linabwera msanga: "Kawauzeni kuti ife za amphaka tinasiya." Ndinaimbira mwana wawo Felix, wa ku Area 18.

"Adadi amakokomeza, mayi. Ndi mphaka uja eti? Ndibwera pa wikendi."

Bambo Gwanda ndinawatengera kuchipatala ndekha. Panjira anandigwira dzanja.

"A Mabel asamve kuwawa. Basi."

Wikendi ya Felix inawapeza ali m'bokosi.

Pamaliro ndiye panalibe wotsala. Amayi a ku Biwi anaimba mpaka mawu kusasa, ndipo kuimba amakutha, zimenezo sindingawanamizire. Felix analira mokweza, kenako anakweza makina ndi mpando m'galimoto. Timasitepe tija anthu anasonkhezera moto wophikira nyemba. Za mphaka panalibe anafunsa, ndipo mayi Ireen analowetsa anthu ena m'nyumbamo fungo la nkhata lisanathe.

A Mabel ndinawatenga ine. Ndinatenthetsa njerwa, ndinasinja usipa, koma iwo ankangoyang'ana kumbali. Ndikatembenuka pang'ono ankadzikoka kupita pakhomo lawo lakale, ana a m'nyumbamo n'kumawagenda, iwo osatha kuthawa. Nditapita nawo kwa dokotala, anawagwiragwira n'kupukusa mutu. Anati mankhwala afika pomwe amathera, chatsala ndi jakisoni wowagoneka osadzukanso. Ndinawafungata mpaka anasiya kunjenjemera. Ndinachita zimene ndinapemphedwa, koma mtima umandiwawabe, ndipo anthu aja sindinawakhululukire.

Pakhonde la golosale pano pali wogulitsa mayunitsi, ndipo zipi ikaduka timapita nayo kumsika. Kawale ndi waphokoso ngati kale, kungoti m'mawa sipakhalanso wogogoda pakhomo panga. Nkhani ya amayi a ku Biwi anthu amaikambabe akamadikira mandasi, ena mpaka kugwetsa misozi n'kuseka. Onse amaithera pamene mayi Eva anatola shuga. Ine ndikati ndipitirize, amati ndiwapatse chenji akuchedwa.