Khoma la Selo

Lolemba

Mvula yamawawa kuyambira m'mawa. Mzuzu uno dzuwa limangosuzumira n'kubwerera.

Chibwerereni kudzaphunzitsa bayoloje, palibe wagogodapo pakhomo panga ku Mchengautuwa kuno. Ana kusukulu mitu ili pa matipate basi. Aphunzitsi anzanga ndikalowa amasiya Chitumbuka chawo, kundipatsa moni waulemu, ndikatuluka nkhani n'kuyambanso. Sindikuwada. Munthu wa ku Mulanje, masiku ano, adziwa bwanji kuti si khutu la boma? Koma ndatopa kuyankhula ndi mpando.

Ndaganiza. Loweruka ndiitana anthu adzaone ndere pa maikulosikopu. Zofunika:
- ndere (zili mbwee m'ngalande kuseriku)
- makinawo, obwereka kusukulu
- makapu. Ndili ndi imodzi.

Lachiwiri

Ndagula makapu ndi shuga kwa Che Saidi, mwini golosale wa pakona. Pachitseko chawo ndamata pepala: LOWERUKA MASANA KWA APHUNZITSI. DZAONENI KHOMA LA SELO NDI ZIMENE ASIDI AMALICHITA. TIYI ALIPO.

Che Saidi awerenga, andiyang'ana, awerenganso. "Aphunzitsi, ine ndimangogulitsa sopo." Koma sanachotse.

Ndikukonza phunziro. Ndere ndi tizipinda ting'onoting'ono tolumikizana, kachipinda kamodzi timakatcha selo. Khoma lake ndi lapawiri. Mkati muli selulozi, chomwecho chimene chili mu thonje. Kunja kuli pekitini, uja amalimbitsa jamu, n'chifukwa chake ndere zimaterera. Ndafotokozera mpando. Sunatsutse.

Lachitatu

Zodabwitsa! Anthu akundipatsa moni pamsewu! "Monire adada!" uku, "Monire asambizgi!" uko, ndiye kuti aphunzitsi. Bambo wogulitsa makala andikwezera zala ziwiri, za matipate zija, n'kunong'ona kuti, "Mwalimba mtima chomene."

Kulimba mtima chifukwa cha ndere? Komabe ndati yewo. Ndimadziwa ine kuti anthu a kuno amakonda sukulu.

Lachinayi

Ahedi andiitana, atseka chitseko. "Tandiuzani, selo yake iti? Ya kupolisi konkuno?"

Mayo ine! Selo! Asidi! Anthu akuyesa ndikunena zoboola khoma la ndende!

Ndathamangira kugolosale kukang'amba pepalalo. Ndapeza anthu ataunjikana akuwerenga. Wina wandigwira chanza ndi manja awiri. Mayi wina andipatsa chinangwa chootcha, chotentha, osandidziwa n'komwe. Ndabwerera pepala lili pomwepo. Mulungu andikhululukire, moni ndi wokoma.

Lachisanu

Mlendo woyamba! Bambo wa jekete lakuda, dzina sananene. Akufuna kuona asidi.

Ndawaonetsa zonse. Dontho la ayodini, dontho la asidi, khoma la ndere n'kusanduka labuluu, umboni woti muli selulozi. "Bwanji labuluu?" afunsa mokayikira. Asuzumira m'makina atatsinzina diso lolakwika. Kenako, "Achimwene, mukusewera ndi anthu akuluakulu."

Tiyi akana. Ndinali nditathira kale, ndamwa makapu onse awiri.

Loweruka

Anthu! Pabwalo thothotho, ena pazenera. Makapu sakukwana, moti sindikuwatulutsa.

Vuto: makinawa amadalira kagalasi kolandira dzuwa, ndipo dzuwa kulibe. Ndalowa kuchipinda, ndatuluka ndi nyali. Ndayiwala kuti nyali ndi chizindikiro cha a matipate. Nthungululu! Nyimbo! Wina akufuna kundinyamula.

Ndayamba. "Abale, khoma la selo lili ndi selulozi ndi pekitini."

"Awo akhale pansi nawonso!" wakuwa wina kumbuyo, akuyesa ndi maina a akuluakulu a boma.

Ndatulutsa botolo la ndere. Bambo wa makala asuzumira m'botolomo. "Ndere? Tanyowera ndere ise?" Bwalo lonse balala. Wina watenga ndi nyali yomwe, kenako waibweza, ndithokoze.

Atsala mayi mmodzi, amama NyaMhango a ku Ching'ambo. Akuti mwana wawo anamutenga apolisi chaka chatha chifukwa cha timapepala ta matipate, mpaka lero sakudziwa selo imene ali. Anamva kuti mphunzitsi wina akudziwa za makoma ake.

Ndachita manyazi, ndafuna kulowa pansi. Ndapepesa. Iwo angoti, "Poti nafika, nione."

Ayang'ana m'makinamo nthawi yaitali. "Tizipinda tonseti mukuwala mkati?"

Ndati eya, khomali limalola kuwala kudutsa, ndi mmene ndere zimakhalira ndi moyo.

"La mwana wane likanakhala lotere."

Ndawathirira tiyi. Amwa mpaka kutha, ati yewo, atuluka mumvulamo.

Lamulungu

Moni watha. Bambo wa makala andiona, ayang'ana thumba lawo. Che Saidi andikulungira sopo m'pepala langa lomwe lija. "Osadandaula aphunzitsi, lagwira ntchito."

Ndere ndazibwezera m'ngalande, zilibe mlandu. Makina abwerera kusukulu mawa, ndipo ahedi ati ndikawaonenso. Makapu atsopano ndaika pamwamba pa kabati, kupatula imodzi imene anamwera amama NyaMhango. Ili patebulo pafupi ndi yanga.

Ananena kuti Lachiwiri lililonse amadutsa msewu uno popita kukafunsa kupolisi. Sananene kuti adzaima. Shuga ndasunga.